Siteshoni Inamukana Ato Girmachew

Madzulo amenewo kunali kamvula kowaza. Ine ndinkatsuka timakapu tanga ta khofi m'chipinda chodikiriramo mabasi kuno ku Addis Ababa. Anthu anali atabalalika. Tinatsala awiri, ine ndi Ato Girmachew (kuno Ato ndiye kuti Bambo), bwana wa siteshoni, amene ankamwa khofi wanga tsiku ndi tsiku osandiyang'ana kumaso.

Siteshoni yathuyi ili ndi timabokosi tokhala ndi maso kudenga. Kabokosi kalikonse kamaganiza kokha, sikafunsa munthu. Kakakuona kamayatsa nyali pamene ulipo, ukachoka kamazimitsa. Moto ukabuka kamayatsa mivi yobiriwira pansi yokulondolera kunja, n'kutseka zitseko za kumene kulibe anthu kuti utsi usafalikire.

Koma mabasi akumudzi amanyamuka tambala asanalire, choncho apaulendo ankagona m'chipinda chapansi atadzikulunga m'gabi, nsalu yathu yoyera ija, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nyali zinkayaka usiku wonse chifukwa cha iwo, ndipo bwanayu zinkamudya mumtima.

"Magetsi azithera anthu oliza nkonono?" anauza amisiri ake. "Aphunzitseni mabokosiwo kuti chinthu choyera chogona pansi ndi katundu."

Anawaphunzitsadi. Moto utabuka chaka chatha, mivi inatulutsa aliyense amene anali chiimire, zitseko n'kutsekera katunduyo mkati. M'katundumo munali azakhali anga, a Tiruwork, amene anandilera. Pamaliro bwanayu sanaponde. Anangotumiza shuga. Sindibisa, ndinkadana naye ndi mtima wonse.

Ndiye madzulo amenewo magetsi anathima. Zimenezo n'zozolowereka. Koma ndinamva fungo la nsalu yopserera.

Belu la moto silinalire. Mivi yokha, imene imayendera batire, inayaka pamapazi anga.

"Woinshet, wawotcha chiyani iwe?"

"Mbaula ndazimitsa kalekale, bwana."

Anaimirira. Pamene anaponda panali bii. Anasuntha, anakupiza manja m'mwamba, analumphalumpha ngati mwana. Mdima unangomukakamira.

Kenako pamasitepe ochokera kuchipinda chapansi, chimene chinali chokhoma ndi unyolo chiyambire moto uja, panayaka muvi umodzi. Unazima. Wina unayaka pamwamba pake. Inkakwera pang'onopang'ono, kupumira pasitepe iliyonse, mmene amakwerera munthu wodwala mawondo. Pamasitepepo panalibe munthu. Kumbuyo kunayaka mzere wina. Kenako winanso. Fungo lija linakula.

Ndinataya makapu. Mivi yanga inandifikitsa pachitseko chagalasi, chinatseguka, ndinatuluka. Bwana anali pambuyo panga penipeni, mpweya wake ndinkaumva pakhosi. Chitseko chinamutsekera pamphuno.

Anachimenya ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Mlongo wanga, bwerera! Ungoyandikira chitseguke, iwe chikukuona!"

Lero ndasanduka mlongo wake. Komatu ankanena zoona. Ndikanangosendera pang'ono, chikanatseguka, iye n'kupulumuka. Ndinaima chiimire pamvula.

"Woinshet, chonde! Ndili ndi ana ine!"

"Nawonso azakhali anali nawo. Gonani pansi, bwana. Katundu amatengedwa m'mawa."

Mizere ija inafika. Inamuzungulira mosapupuluma, mivi yonse kuloza mapazi ake. Iye anatembenuka, nayang'ana china chake chimene ine sindinachione. Ndinamumva akupepesa, mawu ake atachepa ngati a kamwana. Kenako zonse zinazima. Ndinapita kwathu, ndipo ndinagona tulo tabwino.

M'mawa osesa anamupeza m'chipinda chapansi, unyolo uli wokhoma momwemo. Anali wamoyo. M'mphuno ndi m'kamwa munali mwaye wokhawokha, koma pasiteshoni ponse panalibe chopsa. Amisiri anafufuza timabokosi tonse, sanapeze vuto. Akuti timabokosito tinaona khamu la anthu likukwera masitepe, n'kutsikanso. Koma Girmachew timabokosito sitinamuone n'komwe.

Onyamula katundu amanong'onezana kuti akufa aja anabwera kudzaphunzitsa mabokosi nawonso. Ena amati batire linangosokonezeka.

Chiyambire tsikulo Girmachew salankhula. Mkazi wake amabwera naye nthawi zina, akuti mwina akaona malo ake antchito mutu ubwerera m'malo. Amamuimika pakhomo atamuveka jekete lake labwino lija. Chitseko chimenechi chimatsegukira aliyense, ngakhale galu wosokera. Iye akayandikira chimangokhala duu.