Damu la a Boniface

Madzulo amenewo Fyness ankaanula zovala kuseri kwa nyumba yake ku Chiputula pamene anamva fungo. Linkachokera pa chitenje cha mwana wake Mwawi, chimene anali atachichapa kawiri ndi sopo. Chinkanunkhabe ngati nyama yovunda.

Mwawi anali atakasambira ku damu la a Boniface, m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina. Bamboyo anathira mchenga wa kunyanja m'mbali mwa damulo, naikapo mipando ndi zokuzira mawu, ndipo Loweruka lililonse achinyamata ankadzaza. Koma chaka chimenecho madzi anada bii. Nsomba zinkayandama mimba m'mwamba, achule anasiya kulira. Osambira ankatuluka zilonda, ena ankamwalira kumene. Malowo sanatsekedwe, ndipo mwiniwake anagula galimoto yatsopano.

Mwawi anatupa thupi lonse, namwalira sabata isanathe. Onyamula maliro ankanong'onezana kuti bokosilo linali lopepuka modabwitsa.

Atachoka kumanda, Fyness sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatenga khasu, ndipo khamu la pamaliro linamutsatira mpaka ku damu.

"Amama, pepani chomene," anatero a Boniface pageti. "Ndi zonyansa za m'zimbudzi za anthu akumtunda. Si ine ayi."

"Nanga osatseka bwanji?" anakalipa Fyness. "Ana athu akutha, inu mukuliza nyimbo!"

"Chonde, khoma lokhalo musalikhudze."

Fyness anawayang'anitsitsa.

"Gumulani!" anakuwa.

Makasu anagwera khoma la dothi lomwe linkatchinga madzi. Madziwo anakhuthuka ndi fungo loti ambiri anayamba kusanza. Kenako pansi panaonekera: mabotolo, matewera, mafupa a agalu. Ndipo pakati pa matopewo panakhala anthu, mitu atazolika, manja akupalasa pansi ngati akulima. Onsewo anali ana oti anaikidwa kale m'manda.

Mwawi anali chakumapeto. Fyness analowa m'matope mpaka m'mawondo, namugwira mapewa.

"Mwawi! Ndine mayi ako!"

Mtsikanayo anayasamula. M'kamwa munalibe lilime.

Khamu linatembenukira kugeti ndi miyala m'manja, koma a Boniface anali atalowa m'nkhalango. Anthu anawasaka mpaka mdima, osawapeza.

Fyness anabereka mwana wake kumbuyo n'kupita naye kunyumba. Mpaka lero Mwawi amakhala pakhonde, zala zikukanda simenti. Anthu amati tsiku limene a Boniface adzafe, manjawo adzapuma. Sanapumebe.