Ulendo wa Nsapato Yofiira

Tithokoze ankakhala ku Ndirande, kumtunda, pafupi ndi phiri. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mnzake wa pamtima anali Sheila. Tithokoze ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti iye ndi Sheila akulire limodzi.

Koma mwanayu, kulota! Ankalota ali m'tulo. Ankalotanso ali maso. Akaona majumbo akuuluka ndi mphepo, ankati ndi mbalame za buluu. Akaona utsi wa mafakitale a ku Makata, ankati ndi mitambo yongobadwa kumene.

M'mawa uliwonse Tithokoze ankasesa pakhomo. Shwa! Shwa! Shwa! Ankasesa makoko a nthochi. Ankasesa zitini ndi majumbo. Ankasesanso mapepala a zipani, poti chaka chimenecho anthu anali atangovota. Akatha, ankakankhira zonse m'ngalande. Aliyense kumtundako ankachita chimodzimodzi. Pakhomo paliponse pankaoneka mbee!

"Madzi atenga," ankatero amayi ake.

"Muyende bwino!" ankatero Tithokoze, akubayibitsa zinyalala.

Tsiku lina nsapato yake ya patapata inaduka. Inali yofiira. Anali ataisoketsa kawiri konse. Tsopano inali itatheratu. Tithokoze anaiponya m'ngalande.

"Uyende bwino!" anatero.

Kenako anakhala pakhonde. Anayamba kulota. Anaona nsapato yofiira ikuyandama. Inafika mu mtsinje wa Nasolo. Inafika mu Mudi. Inafika mu Shire. Kachule kanakwerapo ngati pa bwato. Kanavala chipewa cha tsamba. Nsapato inapita, inapita, mpaka kunyanja yamchere. Nsomba zonse zinaiwombera m'manja.

"Iwe Titho, ukuseka chiyani wekhawekha?" anafunsa amayi.

"Nsapato yanga yafika kunyanja, amayi."

"Iii, mwana uyu!" Amayi anaseka.

Madzulo ake kunagwa mvula. Inagwa, inagwa, inagwa.

Kutacha, Tithokoze anatsetserekera kwa Sheila. Sheila ankakhala kumunsi, pafupi ndi kamlatho. Koma pakhomo panalibe chisangalalo. M'nyumba munali matope. Mphasa inali yonyowa. Makope a Sheila anali onyowa. Sheila naye maso anali onyowa.

Bambo ake a Sheila, a Marko, ankamanga mtolo wa zovala ndi chingwe.

"Aka n'kachitatu," anatero a Marko. "Ine ndatopa. Madzi akangolowanso, basi tikusamuka. Tikubwerera kwathu ku Nsanje."

Tithokoze anachita mantha. Ku Nsanje n'kutali. Sungapiteko wapansi. Sungaitane mnzako kuti abwere mudzasewere.

Tithokoze anatenga mbale yakale. Anayamba kuthandiza kukapa matope. Anakapa pakhomo. Anakapa pakona. Anakapa pansi pa bedi. Kumeneko dzanja lake linagwira kanthu. Anakakoka.

Inali nsapato yofiira.

Sinafike kunyanja. Sinafike mu Shire. Ngakhale mu Nasolo sinafike. Inangofika pansi pa bedi la Sheila.

Tithokoze anachita manyazi. Anachitanso chisoni kwambiri.

"Sheila," anatero motsitsa mawu. "Iyi ndi yanga. Ndinaitaya ndine. Sole, mnzanga."

"Nanga yalowa bwanji m'nyumba mwathu?" anafunsa Sheila.

Ana awiriwo anapita pakamlatho. Anasuzumira pansi. Ngalande inali itatsekeka. Munali zitini. Munali mabotolo. Munali majumbo, majumbo, majumbo. Madzi analibe podutsa. N'chifukwa chake ankalowa m'nyumba.

"Madzi sanatenge," anatero Tithokoze. "Angotula apa."

A Marko anabwera ndi fosholo. Anayamba kuvuula zinyalala. Ankafuna kuziunjika kuseri.

"Bambo a Sheila, chonde, tiziike pamlatho pompano," anapempha Tithokoze. "Eni ake azione."

A Marko anamuyang'ana. Kenako anati, "Chabwino."

Linali Loweruka. Anthu akumtunda ankatsika kupita kumsika. Onse ankadutsa pakamlatho. Anapeza zinthu zitandandalikidwa bwinobwino, ngati malonda. Kutsogolo kwake kunali nsapato yofiira.

"Mukugulitsa, ana inu?" anafunsa mayi wina.

"Ayi, mayi," anayankha Tithokoze. "Tikufuna eni ake. Nsapatoyi ndi yanga. Nanga chanu n'chiti?"

Mayi uja anayang'ana. Anagwira pakamwa. "Mayo! Beseni langa losweka!"

Bambo wina anaona chipewa chake chong'ambika. Anakanda m'mutu. Amayi ake a Tithokoze anafikanso. Anaona poto wawo wobooka.

"Aa, shuwa? Poto wanga ameneyu?" anatero. "Ine ndimayesa ali ku Shire!"

Anthu anaseka. Koma atasuzumira m'nyumba ya a Marko, kuseka kunatha.

"Pepani, achimwene," anatero amayi a Tithokoze. "Ife timasesa kwathu, osadziwa kuti tikusesera kwanu. Nanga zinthuzi tizizitaya kuti?"

Pamenepo panafika a Jailosi. A Jailosi ankakhoma zidebe ndi mbaula kumsika. Ataona zitini, maso awo anawala.

"Inu mukutaya zimenezi? Ine ndimachita kuzisakasaka! Chitini chimodzi ndi nyale ya koloboyi. Potoyu ndimumata lero lomwe."

"Mabotolo ndipatseni ine," anatero a Nasima, ogulitsa thobwa. "Ndikawatsuka ndi madzi otentha."

"Makoko tikumbire dzenje," anatero a Marko. "Akawola ndi manyowa."

"Majumbo ndi athu!" anakuwa Sheila. "Tipanga mpira wa fulaye!"

Anthu anagwirizana. Mutu umodzi susenza denga. Ena anabwera ndi makasu. Ena anabwera ndi matumba. Pofika masana, ngalande inali mbee!

Kuyambira tsiku limenelo, kusesa kunasintha. Shwa! Shwa! Shwa! Zitini m'thumba la a Jailosi. Mabotolo kwa a Nasima. Makoko m'dzenje. Majumbo ankawatsuka n'kuwayanika pachingwe. Amayi akamapita kumsika, ankatenga dengu.

M'mawa wina amayi anaiwala. Tsache lawo linalunjika kungalande.

"Amayi!" anakuwa Tithokoze. "Kumeneko n'kuchipinda kwa Sheila!"

"Iii, dzanja lazolowera," anatero amayi. Anabweza tsache msangamsanga.

Koma mtolo wa a Marko unali chimangire. Unali pakona. Tithokoze akauona, mtima unkamuwawa.

Lamlungu lina masana, kumwamba kunada bii! Mitambo inaphimba phiri la Ndirande. Tithokoze ndi amayi ake anali kwa Sheila. Mvula inayamba. Inagwa, inagwa, inagwa.

A Marko anaima pakhomo. Tithokoze anagwira dzanja la Sheila. Analigwira zolimba. Ulendo uno sanalote. Anangoyang'anitsitsa ngalande.

Madzi anatsika kuchokera kumtunda. Anabwera ambiri. Anafika pakamlatho. Anakwera pang'ono. Anakweranso pang'ono. Kenako analowa pansi pa mlatho, n'kudutsa. Anadutsa akuimba. M'nyumba simunalowe ngakhale dontho.

A Marko anapuma mozama. Anapita pakona paja. Anamasula chingwe cha mtolo.

"Sheila, bweza zovala zako m'katoni," anatero. "Sitikupita." Kenako anatembenukira kwa Tithokoze. "Takhuta, mwanawe," anathokoza m'Chisena chakwawo.

Sheila anadumpha. Tithokoze anadumpha. Anadumpha, anadumpha, mpaka amayi anati, "Mugwetsa nyumba!"

Mvula itakata, onse anakhala pakhonde. Anadya chimanga chootcha. A Jailosi anadutsa, nawapatsa ana galimoto ya mawaya. Mateyala ake anali ofiira. Tithokoze anawazindikira.

"Nsapato yanga!"

"Eya," anatero a Jailosi. "Izipitiriza ulendo, koma pamtunda."

Tithokoze anatola tsamba la mango. Analiika pamadzi. Tsamba linayandama. Linadutsa pansi pa mlatho.

"Uyende bwino!" anatero Tithokoze.

"Uyende bwino!" anatero Sheila. "Koma ine ndiye sindikuyenda."

Ndipo ana awiriwo anakankha galimoto yawo limodzi, mpaka kumtunda.