Magetsi Akabwera

Howard adachoka kunyumba ya mapampu nthawi itadutsa teni koloko ya usiku. Ntchito yake idatha faifi, koma chimwalirire mkazi wake Molly m'mwezi wa Malichi sankathamangiranso kwawo. Kunyumba kunali mphasa, wailesi ndi ndowa ya madzi. Kuno kunali chochita.

Chochitacho chinali kabokosi kotuwa kokhomedwa m'paneli ya maswichi a magetsi, komwe amisiri amakatchula PLC. Sikimu ya nzimbe ya alimi a kwa Makhuwira idakagula chaka chomwecho kuti kaziyendetsa mapampu awiri akuluakulu okoka madzi a mu Shire. Howard adagwira ntchito ya magetsi zaka khumi ndi zinayi. Mawaya ndi mamota ankazidziwa, koma zouza kabokosi chochita kudzera pa laputopu adaziyamba imvi zitayamba kale. Ankamuphunzitsa ndi mayi Hannah, injiniya wochokera ku Blantyre, amene ankabwera Lachiwiri lililonse. Tsiku loyamba adamuuza kuti pulogalamu imalembedwa ngati makwerero. Mzere uliwonse ndi lamulo limodzi, ichi chikachitika chita ichi, ndipo kabokosi kamatsika nayo mizereyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuyambiranso, kosatopa. Kamachita zimene walemba, osati zimene umaganiza polemba.

Howard ankakakondera zomwezo. Kabokosi sikankamufunsa kuti akupeza bwanji.

Alimi ankadandaula kuti magetsi akazima n'kubweranso, mapampu amakhala chete mpaka munthu apite akadine batani, madzi n'kumachedwa kufika m'minda ya kumapeto. Ndiye usiku umenewo Howard adawonjezera mizere itatu. Magetsi akabwera, kabokosi kadikire mphindi zitatu kuti akhazikike, kenako kayatse kokha pampu yoyamba popanda chala cha munthu. Mayi Hannah adali atanena kuti alembe ndithu, koma asalowetse m'kabokosi mpaka adzaone limodzi Lachiwiri. Iye adalowetsa. Adayesa kawiri, kuzimitsa magetsi a m'paneli n'kuyatsanso, ndipo kawiri konse pampu idadzuka yokha pa nthawi yake. Adadikira kuti amve kukondwa. Sikudabwere. Adatseka laputopu, n'kusiya swichi pamalo poti kabokosi kaziyendetsa kokha.

Pakhomo adapeza a Kaitano, oyang'anira mapampu usiku, mkulu wa zaka pafupifupi sikisite, atakhala pa chigubu akuthamangitsa udzudzu ndi chipewa.

“A injiniya, laputopu imeneyi mungoikwatira, ife tidzavine.”

Atangotero adakumbukira amene ankalankhula naye, ndipo adayang'ana pansi. Howard sadakhumudwe. Adangoti ationana mawa akulu, n'kunyamuka. Za mizere itatu ija sadanene. Sikuti adabisa. Sizidamufike m'mutu.

Njira ya kwawo inkatsata ngalande yaikulu, mtunda wa ola limodzi. Unali Okutobala. Dothi linkatulutsabe kutentha kwa masana, ndipo fumbi linkalowa m'nsapato. Nzimbe zinali zitatalika mbali zonse ziwiri, mwakuti kumwamba kunkaoneka ngati njira inanso yopapatiza. Adadutsa chigayo cha pafupi ndi nyumba ya mapampu, babu lake limodzi likuyaka pakhomo. Atayenda ndithu, babulo lidazima kumbuyo kwake, ndi a pasitolo onse. Kulira kwa mapampu, komwe munthu amakuzolowera mpaka kuiwala kuti kulipo, kudasiya. Kudatsala achule.

Adafika pamanda. Molly adagona m'menemo, mzere wachiwiri kuchokera ku mtengo wa bwemba. Howard ankadutsapo kawiri pa tsiku ndipo sankachita mantha, sankaimanso. Adadutsa.

Patsogolo pake panali kamlatho ka simenti, ndipo pambali pake nyumba yakale ya pampu, yopanda denga, yomwe idasiyidwa iye asanabwere ku sikimu. Pakamlathopo padakhala munthu, miyendo italendewera m'ngalande.

Munthuyo adaimirira, n'kupereka moni m'Chisena. Howard adayankha. Anali bambo wamfupi, wovala ovolosi yakale, m'manja muli ngowe yachitsulo, ya mtundu umene amakokera namasupuni m'madzi. Sadafunse ngati angatsagane naye. Adangoyamba kuyenda pambali pake.

Howard adamva fungo la matope, la pansi penipeni, lija limatuluka ukazula namasupuni ndi mizu yomwe. Kenako adamva kudontha. Tho... tho... tho. Mvula inali isanagwe chiyambire Epulo.

“Madzi aima,” adatero mlendoyo.

Howard adati magetsi azima.

“Ndiye nthawi yake imeneyi.”

Sadanene kuti nthawi ya chiyani. Howard adayatsa tochi ya pafoni ngati akufuna kuona njira, n'kuilozetsa pansi. Nsapato zake zinkafukula fumbi. Mbali ya mnzakeyo fumbi silinkatuluka. Panali mzere wonyowa wokha, wowongoka, ngati munthu wakoka thumba lonyowa. Adatchera khutu. Mapazi ankamveka a munthu mmodzi.

Adazimitsa tochi. Chodabwitsa n'chakuti miyendo idapitiriza kuyenda monga mwa masiku onse.

“Ndinu mwaphunzitsa bokosi kuyatsa lokha?”

Palibe amene ankadziwa zimenezo. Palibe ndi mmodzi yemwe. Howard adavomera ndi mutu, mumdima.

“Likamayatsa, limayamba lasuzumira m'dzenje?”

Howard adafuna kufotokoza kuti kabokosi kalibe maso, kamangodziwa zimene mawaya akauza.

“Nkhabe, ayi,” adadziyankha yekha mlendoyo, mosakwiya. “Silisuzumira. Wolowa m'madzi ndi woyatsa akhale munthu mmodzi, achimwene. Akakhala awiri...”

Adatsokomola. Sichinali chifuwa. Adamveka madzi, ambiri, akukhuthukira pafumbi.

Howard adaima.

Namasupuni amadzaza pa zitsulo zotchinga zinyalala, ndipo mizu yake imapyola n'kulowa m'dzenje momwe muli milomo ya mapaipi okoka madzi. Kuchotsa kwake n'kulowamo, mapampu ataima. Koma mwezi wa Okutobala palibe amene amaimitsa mapampu dala, nzimbe zili ndi ludzu. Choncho a Kaitano ankalowa magetsi akazima. Ankalowa opanda nkhawa, chifukwa ngakhale magetsi abwere, pampu siikanadzuka mpaka iwo atuluke, apukute manja, akadine batani. Howard ankazidziwa zonsezi. M'mawa uliwonse ankaona kabudula wawo atayanikidwa pawaya. Adalemba mizere itatu, adaiwerenga kangapo, ndipo mu umodzi womwe munalibe a Kaitano.

Adatembenuka kuti afunse. Panalibe munthu. Nzimbe zinali zii, osagwedera tsamba. Pansi panali ponyowa.

Adaimba foni ya a Kaitano. Idaitana. Idaitana mpaka kuduka. Adaimbanso. Chimodzimodzi.

Adayamba kuthamanga.

Laputopu inkamumenya kumsana. Adadutsa kamlatho osayang'ana kumbali. Adadutsa manda. Anali asanathamange kwa zaka zambiri, ndipo posachedwa m'nthiti mudayamba kubaya. Adayendako. Adathamanganso. Ankangoyang'ana kutsogolo, kumdima, n'kumaufunira kuti ukhalitse. Masiku ena magetsi ankapita maola sikisi. Masiku ena theka la ola.

Adapunthwa pa chitsa cha nzimbe. Adadzuka. Chikhato chinali chitang'ambika, koma sichinkapweteka.

Chigayo chidaoneka, chakuda. Adachifika. Adachidutsa masitepe ngati khumi.

Babu lidayaka kumbuyo kwake, ndipo adaona mthunzi wake utagwa patsogolo.

Mphindi zitatu! Adazilemba yekha. Akadalemba zisanu. Akadalemba khumi.

Adavula chikwama cha laputopu n'kuchiponya m'nzimbe. Adayamba kuwerenga. Wani... thu... Pa sikisite adasokoneza, n'kuyambiranso posadziwika. Mpanda wa waya. Geti. Mpweya sunkalowa. Pakhoma la dzenje panali malaya opindidwa bwino, foni pamwamba pake, ndi tochi yopachikidwa pamsomali, ikuwalira pansi.

Adasuzumira. A Kaitano anali m'madzi ofika m'chifuwa, atawerama pakamwa penipeni pa paipi yoyamba, dzanja lonse lili m'kati, akukoka mizu.

“Tulukani!”

Mkuluyo adadzutsa mutu, n'kuseka. Adati aona kuti magetsi abwera, koma adikire, woyatsa ndi iwowo, ndipo atsala pang'ono kumaliza. Adafunsanso ngati a injiniya athawa afiti kumanda.

Makwerero a m'dzenjemo anali kutsidya. Munthu wa zaka sikisite, m'madzi, kuti amvetse kaye, atembenuke, akwere... Howard adasiya dzenje n'kulowa m'nyumba. Papaneli kanyale kobiriwira kankaphethira, kusonyeza kuti kabokosi kakuwerenga. Adagwira swichi n'kuipotokolera pa ziro. Kenako adakoka chogwirira chachikulu cha magetsi onse ndi manja awiri. Chidagwa, khu.

Kanyale kadazima.

Adamvetsera. Achule. Madzi akuchita phava phava m'dzenje, munthu akuyendamo. Mota sidalire.

Sadadziwe kuti padatsala masekondi angati, ndipo sakanadziwanso. Adakhala pansi pa simenti, msana ku paneli. Ankayembekeza kuti manja ayamba kunjenjemera, kapena misozi ibwera. Adangomva ludzu.

A Kaitano adalowa madzi akuchucha, ngowe ili m'manja. Howard adawauza zonse mosazungulira: mizere itatu, mphindi zitatu, mawu a mayi Hannah amene sadawamvere, ndi swichi imene adaisiya osawauza. Adati mawa aimba foni ku Blantyre n'kunena yekha. Mkuluyo sadakalipe. Adayang'ana paneli nthawi yaitali, kenako adayang'ana dzanja lake lamanja, lomwe linali ndi mizu yakuda itakanirira pakati pa zala. Adapita panja, adatunga madzi akumwa m'kapu, n'kumupatsa Howard.

“Ndiye mwakumbukira muli pati?”

Howard adati sadakumbukire. Adakumbutsidwa. Adafotokoza za bambo wa pakamlatho, ovolosi yake, ngowe, ndi kudontha kwa madzi panjira youma. Adabwereza mawu ake monga adawamvera, mpaka pomwe adalekezera.

A Kaitano adakhala pachigubu. Adafunsa ngati anali wamfupi. Howard adati inde. Adafunsa ngati adaoneka wokwiya. Howard adaganiza kaye, n'kunena kuti ayi, amalankhula ngati munthu wouza mnzake kuti wagwetsa chipewa.

“Pyadidi, zili bwino,” adatero mkuluyo chapansipansi. “Ndi Elisha ameneyo. Mlamu wanga, ine ndidakwatira mlongo wake. Tinkagwira limodzi papampu yakale ija. Tidamuika chaka cha 2009, m'manda mwadutsamo omwewo.”

Howard adamwa madzi aja, onse.

A Kaitano adaimirira n'kutola ngowe. Adati paipi yachiwiri ikadali yotseka, ndipo alimi a kumapeto akudikira madzi m'mawa. Adafunsa ngati wazimitsadi. Howard adati wazimitsa. Adafunsanso kachiwiri, ndipo Howard adawaonetsa chogwirira chili pansi. Mkuluyo adachigwira yekha, adachigwedeza, n'kutuluka.

Howard adawatsatira kuti awagwirire tochi. A Kaitano adatsika makwerero pang'onopang'ono, chafutambuyo. Madzi atafika m'mawondo adaima, osayang'ana m'mwamba.

“Tsiku limene Elisha adafera m'dzenje, ine ndidapita kukadya,” adatero. “Pobwera ndidapeza magetsi ayaka, mapampu ali chete. Sindidasuzumire. Amene adadina batani ndine.”