Chisoti Chakhala Pamphuno

Uyu ndi Kamphepo. Mwana ameneyu sayenda. Amangothamanga basi!

Tsiku lina anafika kunyumba ali wefuwefu.

"Ababa! Amayi! Loweruka kusukulu kuli sewero. Mfumukazi ndi ine!"

Koma mfumukazi yopanda chisoti? Ayi ndithu, sizingatheke.

Ababa amakhoma ndowa za malata. Amayi amasoka zovala.

"Bwera kuno, mwana wanga," anatero Ababa.

Anatenga chingwe. Anayeza mutu wa Kamphepo. Tsiku limenelo tsitsi lake linali lopesa. Linali lambiri, loimirira.

Kho! Kho! Kho! Ababa anakhoma lata. Anapinda m'mbali kuti lisamucheke. Chisoti chinawala ngati supuni yatsopano.

"Nachi chisoti chachifumu!" anatero Ababa.

"Ena amati korona," anatero Amayi.

"Chisoti, korona, zonsezo n'zanga!" anakuwa Kamphepo.

Loweruka linafika. Amayi anamuluka tsitsi. Analuka timizere ting'onoting'ono. Koma kukongola kwake!

Kamphepo anavala chisoti chija.

Chisoti chinatsika pamphumi. Chinaphimba maso. Chinakhala pamphuno.

"Mayo ine! Ndani wazimitsa dzuwa?" anafuula Kamphepo.

Ababa anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Ndinayeza tsitsi, osati mutu!"

Nthawi yokhoma china panalibe. Kamphepo anavula chisoti. Mtima unamupweteka. Misozi inalengeza m'maso.

Kenaka anaona kanthu pansi pa makina a Amayi. Kanali kansalu kofiira, katali.

"Amayi, kansalu aka kali ndi ntchito?"

"Ayi, mwanawe. Tenga."

Kamphepo anakulunga kansalu kumutu. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Amayi anamanga mfundo kumbuyo.

Anavalanso chisoti. Chinagwira kuti nga!

Anapukusa mutu. Sichinagwe. Anadumpha. Sichinagwe!

Amayi anawomba m'manja.

"Nsalu yakumutu imeneyo timati nduwira. Iwe wavala zonse, nduwira ndi korona!"

"Tiyeni, tachedwa!" anatero Ababa. "Thamanga, Kamphepo!"

Kamphepo anawayang'ana. Anakweza chibwano.

"Ababa, mfumukazi sithamanga."

Anayenda pang'onopang'ono. Phazi ili. Phazi ilo. Chisoti chili waliwali padzuwa.

Nanga anathamanga ndani tsiku limenelo? Ababa! Anathamanga kuti akapeze mpando wakutsogolo.