Sitima ya Masamba Pamphuno

Mwana wanga Ida, wazaka zinayi, amakonda sitima zapamtunda kuposa zidole. Ine ndimaphunzira kuwotcherera zitsulo kusukulu yamadzulo, ndiye ndinkamuonetsa zithunzi. Zamakono zili ndi mphuno yaitali ngati mlomo wa kakowa, yoboolera mphepo. Zakale zinali ndi mphuno yobulungira, yonyezimira, nyali imodzi pachipumi. Iye ankati zakalezo zili ndi nkhope. Ndinamulonjeza kuti ndikamaliza sukulu ndidzamupangira mphuno yotero ndi manja angawa.

Loweruka lina m'nyengo yozizira tinkachokera ku Indianapolis kokagula usipa, kubwerera ku South Bend, komwe timakhala kuno ku America. Mayi ake anali kuntchito. Ngozi inatseka msewu waukulu, ndiye ndinakhotera kamsewu ka m'minda. Kunali kutada.

Kenako nyali imodzi, kumanzere. Ndinaima.

Inali sitima yakale ija. Inkabwera pang'onopang'ono, popanda phokoso, popanda belu. Pamphuno pake anamangirirapo nthambi za masamba obiriwira. Mitengo yonse kuno inali itayoyoka, koma zimenezo sindinaziganize. Ndinangoona masamba, monga timaikira kwathu pagalimoto yonyamula maliro. Thupi linachita zomwe linaleredwa nazo. Ndinatsika, ndinavula chipewa, ndinaweramitsa mutu.

Sitima inaima.

Pachitsulo chonyezimira cha mphunoyo ndinadziona ndekha, wopindika ngati m'supuni. Ndinaonanso galimoto yanga. Chitseko chakumbuyo chinali pululu.

Ida anali pachipale chofewa, akuyenda kulunjika kukhomo la sitima. Lamba wa pampando wake satha kumasula yekha. Ndinamuitana. Mwana amene amandiyankha m'Chingelezi chokhachokha anatembenuka n'kuyankha m'Chichewa.

"Adadi, akuti malo alipo."

Ndinamutsomphola ali ndi phazi limodzi pamasitepe. China chake chinakoka kuchokera mkati. Ndinakoka nanenso, ndikupemphera mawu osamveka. Tinagwera chagada. Nsapato yake yakumanzere inapita.

Nditadzuka, kunalibe nyali. Ndinaunika pansi ndi foni. Panalibe njanji. Panali mapesi a chimanga basi.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinafotokozera a Sosten, omwe anafika kuno kalekale. Sanaseke. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti alipo anzathu omwe anamwalirira kuno osatumizidwa kumudzi, ndipo amakwera chilichonse chopita kwathu. Anati wovula chipewa wavomera kuti malirowo ndi ake, ndiye amamuimira kuti apereke woperekeza.

Evelina, mkazi wanga, ndinangomuuza kuti nsapato inatayika kusitolo.

Ida ali bwino. Akudya, akusewera. Koma sabata yatha anandibweretsera chojambula chake: mphuno yobulungira, nyali imodzi, masamba obiriwira. Ndinamufunsa chifukwa chake wasiya nsapato yotsala ija pakhomo.

"Akuti abweretsa inzake," anatero m'Chichewa.

Kuyambira pamenepo ndimagona pansi, chopingasa pakhomo la chipinda chake, chipewa chili kumutu.