Ndalama Zabodza mu Sutikesi ya Felista

Pakhomo pa a Mateyo Banda ku Kapondo panalibe chuma, koma panali ulemu. Iwo anali mkulu wa mpingo, akazi awo a Esitele ankalima mtedza, ndipo mwana wawo Felista ankatsogolera kwaya ya achinyamata. Mayeso a Fomu 4 atamukanika, makolo anamupatsa mpamba kuti azigulitsa mandasi pamsika wa pa Kamwendo.

Kumeneko ndi komwe anadziwana ndi Joe, woyendetsa thiraki yopita ku Zambia.

"Asisi, manja okongola chonchi n'kumapsa ndi mafuta?" anatero Joe, akutulutsa mpukutu wa ndalama za K500, zomwe zinali zitangoyamba kumene kuyenda. "Sungani izi. Tsiku la msika muzigula nazo kanthu kakang'ono, chenji tizigawana."

Felista anakhudza imodzi. Inali yoterera ngati pepala la kalendala.

"Si zabodza izi?"

"Yabodza ndi imene yagwidwa," Joe anaseka.

Komabe Felista analandira ndalamazo. Anakazibisa pansi pa zovala mu sutikesi yake.

Posakhalitsa Felista anayamba kuoneka ndi nsapato zatsopano, zitenje za ku Chipata ndi mafuta onunkhira. Kukwaya anasiya.

"Mandasi omwewa ndi amene akugula zonsezi?" a Esitele anafunsa. "Mwana wanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Amayi, tsobola wakale sawawa. Dziko linasintha."

Dzinja litafika, a Mateyo anadwala chifuwa chachikulu. M'mawa wina matenda anakula Felista ali kumunda, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale tambala yolipirira galimoto yopita kuchipatala. A Esitele anatsegula sutikesi ija, napeza ndalama. Anayamika Mulungu, poganiza kuti n'zamandasi. Anatengapo ziwiri n'kuthamangira pa Kamwendo.

Mwini galimoto anayang'ana ndalamazo padzuwa, kenako anakuwa.

"Ndi amenewa akutimaliza pamsika pano!"

Anthu anakhamukira. Wina anawavula mpango, wina anawamenya mbama, mpaka apolisi anachita kuwalanditsa.

Felista atamva, anathamangira kupolisi. Anawapeza amayi ake atakhala pasimenti, mlomo utatupa.

"Mayi, ndalamazi mwazitenga kuti?" wapolisi anafunsa.

A Esitele anamuyang'ana mwana wawo, kenako anazolika.

"Ndinatola panjira, bwana."

Chibadwire, Felista anali asanamvepo amayi ake akunama.

"Asiyeni, bwana. N'zanga. Zina zili kunyumba."

Apolisi anakatenga sutikesi ija mudzi wonse ukuona. A Mateyo anatengeredwa kuchipatala ndi akumpingo, pangolo. Joe sanaonekenso pa Kamwendo. Ena ankati anasintha msewu, akuyenda wa ku Mozambique.

Kukhoti Felista analira, nati sanapange ndalamazo ndi iye.

"Lamulo silifunsa wopanga yekha," anatero woweruza. "Kusunga ndalama ukudziwa kuti n'zabodza ndi mlandu pawokha. Anthu amene munawapusitsa aja ndi alimi ngati makolo anu omwe."

Anamulamula kukakhala kundende zaka zinayi.

Asanathe mwezi ali m'kati, a Esitele anabwera kudzamuona atavala zakuda. Felista anazindikira kuti bambo ake amwalira. Anangogwira waya wowalekanitsa.

"Ankakutchula mpaka pomaliza," amayi ake anatero. "Ankati ukawaimbire pamaliro."

Nthawi yoona akaidi itatha, Felista anawaona amayi ake akutuluka pageti, atawerama ngati nkhalamba.

Achinyamata, ndalama yabodza musailandire, musaisunge, ngakhale wokupatsaniyo akhale wokoma pakamwa chotani. Tsiku la mlandu iye adzakhala atawoloka malire. Ndende idzakhala yanu, ndipo misozi idzakhala ya amene anakuberekani.