Tsiku Limene Rahma Anakana Kutumidwa

Ku Nkhunga konse kunalibe mwana wotumika ngati Rahma. Bambo ake, a Sadick, akangotsokomola, iye anali atafika kale ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Akati apite kumzikiti, Rahma ankathamangira kumsewu kukaitana wakabaza. Chikwezedwereni kukhala kapitawo wa odula nzimbe, a Sadick anaiwala kuti miyendo ndi yoyendera, ndipo mimba inayamba kulowa m'nyumba mwini wake akadali panja.

"Mimba imeneyi ndi umboni woti ndimasamala mwamuna," ankatero monyadira mayi ake a Rahma, a Dailesi.

Koma Lachisanu lina a Sadick atagwada poswali kumzikiti, analephera kudzuka mpaka anzawo awiri anachita kuwagwira m'khwapa. Rahma anawaperekeza kuchipatala, mtima uli m'mwamba.

Namwino anawayeza magazi, anawazunguliza tepi m'chiuno, kenako anapukusa mutu.

"Shuga wakwera, bipi nayonso. Kodi mumayendako, bambo?"

"Ndiyenderenji, mwana ndili naye?" anayankha a Sadick akuseka.

Namwino sanaseke. "Mafupa si mitengo yongochirikiza thupi ayi. Amatulutsa timadzi tina m'magazi, ndipo ofufuza akuona kuti anthu amene timadzito tawachepera, nthawi zambiri shuga ndi mafuta zimawachulukira. Fupa limafuna ntchito. Mankhwala ndikupatsani, koma mukakakamira pampando, tsiku lina mudzagwa osadzukanso."

Rahma anagwidwa ndi mantha, manyazinso ali pomwepo. Ulemu womwe anthu ankamutama nawo ndi umene unkawamangirira bambo ake pampando.

Mawa lake masana, banja lonse lili pakhonde, a Sadick anaitana monga mwa masiku onse.

"Rahma, tanditungireko madzi akumwa, mama."

Rahma anabwera n'kugwada, koma sananyamuke.

"Mtsuko uli kuseri kwa nyumba, ababa. Si patali."

"Astaghfirullah! Mulungu atikhululukire!" anakuwa a Dailesi, lichero la mpunga litatsala pang'ono kugwa. "Mwana iwe, mwano wauyamba liti?"

"Bola mundinene wamwano, amayi, kusiyana n'kuti ndikhale wamasiye," anatero Rahma, misozi ili mbwembwembwe.

A Sadick anamuyang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali. Kenako anagwira mawondo, anabuula, n'kudzuka. Anazungulira nyumba akung'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe chisoni, mawondo akulira ngati chitseko chakale.

Anabwerako ali wefuwefu, atanyamula makapu awiri. Kapu imodzi anapatsa Rahma, amene anali chigwadire pomwe paja.

"Imwa, kapitawo wanga," anatero akumusisita pamutu. "Mawa m'mawa undiperekeze wapansi mpaka kumsika. Wakabaza uja ukamuuze kuti ntchito yatha."